Dzimbiri Limene Ndinachotsa

Tsitsani mawu a TV'yo, ana inu. Ayi Yamikani, sindinati uzimitse, ndati utsitse. Chimalizireni kudya, iwe ndi Takondwa mwakhala mukujomphana ngati atambala awiri m'khola limodzi. Wina akuti pisitolo iyi opanga ake akanaichepetsa kulemera, wina akuti ayi, akanawonjezera zipolopolo m'magazini, akanaika kanyali kofiira pamwamba, akanaipaka mtundu wa mchenga. Ndamvanso wina akudandaula kuti chogwirira chake n'chonenepa. Chonenepa kwa yani? Iwe Takondwa, dzanja lako lomwe lija linalephera kutsekula botolo la jamu m'mawa uja?

"It's just a video, Grandad." Ndamva. Chingerezi ndimachimva, ndakalamba nacho. Koma lero ndiyankhula Chichewa, ndipo pamene simunamve muimike dzanja ngati kusukulu. Mphatso, siya foniyo, siithawa. Khala apa pafupi, pampando wa malemu agogo ako aakazi. Ndakhala tsiku lonse ndikusowa poyambira, ndiye anyamatawa andithandiza. Iwo angoiputa chabe nkhaniyi, mwini wake ndiwe.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba ya ku Thamesmead yokonda kukangana ndi madalaivala a basi, imene inapuma pantchito yokankha mabedi a odwala m'chipatala ku Lewisham. Makolo anu sanakuuzeni kuti ndisanakwere ndege ndinagwira ntchito yokonza mfuti ku polisi kwathu zaka makumi awiri. Ndinawaletsa ndine. Zimene mukuonera pagalasipo ine ndazimasula, ndazitsuka, ndazimanganso, mpaka zala izi zinkagwira ntchitoyo ndili chitsinzinire.

Ndinayambira panjinga. Bambo anga ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Zomba, ndipo ine ndinagwira tupa ndisanagwire pensulo. Nditalowa upolisi anaona kuti kuguba sindimatha, miyendo inkasemphana ndi ng'oma. Koma nditakonza loko wa chitseko cha ofesi ndi msomali, anati uyu apite kosungira mfuti. Chinali chipinda chopanda zenera, chonunkha mafuta ndi chitsulo. Zida zathu zinali zochepa: vaisi imodzi yopanira zitsulo, matupa anayi, kanyundo ka mkuwa, ndi sanza zong'ambidwa ku mayunifolomu akale. Kasipuling'i kakathyoka sitinkadina foni kuti kafike mawa pakhomo monga muchitira inu. Tinkadikira miyezi, apo ayi tinkafunafuna m'mfuti zakufa ngati afisi.

Nyengo ya mvula ndiyo inali mdani wathu. Chitsulo chimachita thukuta, ana inu. Mfuti yoti mwaipukuta Lachisanu, pofika Lolemba yatuluka timadontho tofiira ngati chikuku. Ndiye kawiri pachaka tinkakwera lole kuzungulira mapolisi a kumidzi kukayendera zida. Msewu matope okhaokha, lole kutitimira, ife kutsika kukankha, nkhomaliro yathu chimanga chootcha ndi zitumbuwa zokulunga m'nyuzipepala. Ulendo umene lero ndi wa maola atatu tinkagona nawo panjira kawiri. Inu basi ikachedwa mphindi zisanu mumayamba kulemba madandaulo.

Poyamba tinali ndi mavolovolo, aja okhala ndi kang'oma kozungulira kolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Volovolo ndi mfuti yachilungamo. Ukaitsekula mabowo onse amakuyang'ana, lodzaza ndi lopanda kanthu lomwe, palibe chobisika. Kenako kunabwera mapisitolo a magazini, agogo ake a zimene mukuonerazi. Aliyense anawakonda: opyapyala, onyamula zambiri, okhala bwino m'chiuno. Ndipo musayese kuti mikangano yanuyi mwaiyamba ndinu. Ifenso pa tiyi wa teni koloko tinkakhala pabenchi, sikono m'manja, kuweruza azungu opanga mfuti amene sitinawaonepo. Wapolisi wamkazi ankati chogwirira achichepetse, manja si a amuna okha. Wamanzere ankati kaloko kake akaike mbali zonse ziwiri, iye watopa kupinda chala ngati wopunduka. Wina ankati poyang'anira pake pazikhala kadontho koyera, chifukwa chitsulo chakuda pamthunzi sichioneka. Wokonda mowa wina ankangofuna kachingwe kolimba, poti yake anali ataiiwalapo kawiri.

Ine zofuna zanga zinali ziwiri. Choyamba, chitsulo chosagwira dzimbiri. Chachiwiri, mfuti yosanama. Mvetsetsani apa. Pisitolo ukaichotsa magazini, maso amakuuza kuti yatha, mulibe kanthu. Koma chipolopolo chimodzi chimatha kutsala m'kati, chitalowa kale pakhomo pa mpope, chili phee kudikira chala. Ndinaona sajeni wina, munthu wa imvi pantchito, akuboola phazi lake lomwe, magazini ili m'dzanja lamanzere. Anayang'ana magaziniyo, nayang'ana phazi, ngati wina wamulodza. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalakalaka opanga akanaika kachizindikiro kofiira kotumphuka, koti ngakhale chala chongokhudza chidziwe kuti m'nyumbamo muli munthu. Kapena apange zoti magazini ikachoka, mfuti izikana kulira. Ndinajambula papepala la mizere, ndinalemba kalata m'Chingerezi changa cha Fomu 2, ndinapatsa abwana kuti atumize kunja. Kaya inafika, kaya inakulunga zitumbuwa, sindikudziwa.

Ukuti chiyani Takondwa? Zina za masiku ano zili nako kachizindikiroko? Chabwino. Ndiye kuti enanso anaboola mapazi.

Amene anayamba kubwera kuno ndi agogo anu aakazi, NaBanda, ntchito ya unamwino itawaitana. Ine ndinatsatira patatha chaka ndi ana awiri, Limbani ndi Chisomo. Chisomo ndi mayi anu anyamata inu. Limbani ndi bambo ako, Mphatso. Tinafika nyengo yozizira, ine nditavala suti ya ukwati ndi nsapato zopanda sokosi. Dzuwa linkalowa 4 koloko ngati lili ndi kwina kothamangira. Ufa tinkachita kuyendera mabasi awiri, ndipo usipa ukabwera ndi mlendo wochokera kwathu tinkauphika mazenera onse otseka, kuopa aneba. Ndinapeza dziko limene munthu wamba saloledwa kusunga pisitolo, ndipo ngakhale apolisi ambiri amayenda chimanjamanja. Luso langa la zaka makumi awiri linasanduka khasu m'manja mwa msodzi. Ndinalowa ntchito yokankha mabedi. Sindikuinyoza, inatidyetsa. Koma manja awa ankalira. Ndinkamasula ketulo yabwinobwino n'kuimanganso. Agogo anu anachita kubisa wotchi yawo.

Limbani ndiye anatengera ine. Mnyamata wamtali, wofatsa, woseka ndi mapewa, ankaphunzira za magetsi ku koleji. Ankagula mabuku a zithunzi za mfuti n'kudzawayala patebulo ili lomweli. "Adadi, iyi bwanji? Akanaifupikitsa mpope?" Ine n'kumufotokozera chimene chingaonongeke akaifupikitsa. Iyenso anali ndi maloto ake. Ankati adzapanga chogwirira cha magetsi chodziwa dzanja la mwini wake, kuti wakuba kapena mwana akaitola ingouma. Ine ndinkamuseka kuti nanga batire ikatha pakati pa nkhondo udzapempha adani akudikire? Tinkakhala maola, tiyi mpaka kuzizira. Sanali wachiwawa, Mphatso, usamve molakwa. Kangaude ankamutulutsa panja ndi kapu. Ankangokonda zinthu zolumikizana bwino. Ndipo ndinene zoona: m'dziko lino mmene ana anga ankandiphunzitsa kukwera sitima ndi kudzaza mafomu, nkhani ya mfuti inali yokhayo imene mwana wanga ankafunsa ine, ine n'kukhala wodziwa.

Panalinso Dalitso, mwana wa mlongo wanga. Dzinali simunalimvepo m'nyumba muno. Anabwera kudzaphunzira, ndipo mlongo wanga pomutumiza anati, "Achimwene, mwanayu ndi wanu, mwini mbumba ndinu." Kwathu mwana wa mlongo wako amakhala pamutu pako kuposa wobereka wekha. Ankakhala ku Barking m'kachipinda ka lendi, ndipo Loweruka ankagwira ganyu yotulutsa katundu m'nyumba za anthu omwalira opanda abale. Anali wamacheza, wokonda kuimba mokweza m'bafa, wosadya popanda tsabola. Iye ndi Limbani unali ubwenzi wa ponda apa nane m'pondepo.

Linali Loweruka masana, agogo anu aakazi ali ku shifti. Limbani anali atangokwatira kumene, amayi ako, Mphatso, ali ndi pakati pa iwe pa miyezi isanu ndi umodzi. Anyamata awiriwo analowa akunong'onezana, Dalitso atakumbatira chikwama.

"Amalume, tabwera ndi mlendo," anatero.

Anatulutsa chinthu chokulunga m'sikafu yakale ya ubweya. Ndisanachione ndinachidziwa ndi kugunda kwake patebulo. Inali pisitolo ya mtundu womwe uja wa kwathu. Dalitso anaipeza kudenga kwa nyumba ya nkhalamba ina imene inali msilikali kalekale, kuseri kwa thanki ya madzi. Inali yofiira ndi dzimbiri, youma gwa, yosasuntha paliponse.

"Mwapenga?" ndinatero. "Mukudziwa kuti ichi chikangopezeka m'chikwama mwako ndi zaka kundende? Nyamulani, tipite nacho ku polisi pompano."

"Tipita nacho, Adadi, Lolemba," anatero Limbani. "Koma tangoionani kaye. Si ija munkanena ija?"

Ndinaiona. Apa ndi pamene pali mlandu wanga, ana inu, ndipo sindiuchepetsa. Chinthu chija mmene chinalili sichikanapha ngakhale nkhuku. Dzimbiri linali litachimanga miyendo ndi manja, chinali mwala chabe. Ndikanachikulunganso n'kukwera nacho basi. Koma chala changa chachikulu chinapita chokha pamalo pake, ndipo mtima unagunda ngati ndakumana ndi mnzanga wa kumudzi pakati pa msika wa Lewisham. Ndinati, "Yalani nyuzipepala." Ndinatenga botolo la mafuta a makina osokera a agogo anu, mswachi wakale, ndi tizida tanga timene ndinabwera nato kuchokera kwathu m'chitini cha mabisiketi.

Ndinagwira maola atatu. Magazini itatuluka ndinapezamo zipolopolo zisanu, zobiriwira ndi ukalamba, ndipo ndinaziika m'thumba la malaya anga. Ndinamasula chilichonse, ndinayala tizidutswa pamzere, ndikutchula dzina la kalikonse, anyamata ali kukamwa yasa.

"Adadi, inu ndinu dokotala," anatero Limbani.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikukankha mabedi, panalibe anandiyang'anapo choncho.

Pomanga ndinafika pa kachitsulo kena kakang'ono ngati msomali wa nsapato, kamene popanda iko mfuti ndi chidole. Ndinakagwira pakati pa zala ziwiri izi. Maganizo anandifikira, ndikukumbukira bwinobwino: kaike m'thumba, sadziwa. Koma mmisiri wa m'kati mwanga anati ntchito yosamaliza ndi manyazi. Ndinadziuza kuti zipolopolo zili kwa ine, nanga chitsulo chopanda zipolopolo chingatani? Ndinakabwezera pamalo pake. Nditaikoka inayenda mofewa n'kutseka ndi kaphokoso kaja koyera, ndipo tonse atatu tinaseka.

"Zipolopolo zinali zomwezi?" ndinafunsa Dalitso.

"Zomwezo, Amalume."

Poyankha anayang'ana pansi. Ndinaona, koma sindinafunsenso.

"Isiyeni kuno," ndinatero.

"Amami akaipeza atimaliza tonse," anatero Limbani. "Ikagone kwa Dalitso. Mawa tijambule nayo zithunzi, Lolemba m'mawa tikapereke."

Ndinawalola. Ndinawaperekeza mpaka pa siteji ya basi. Limbani anakwera pamwamba, n'kugogoda zenera kuti ndimuone, akuseka ndi mapewa. Nkhani ya chipolopolo chotsalira ija ndinali nditamuuza iye kambirimbiri. Dalitso ndinali ndisanamuuzepo. Tsiku limenelo ndinamuphunzitsa mayina a tizitsulo tonse, koma chimenecho ndinaiwala.

Lamulungu ndinali pa shifti ya masana. Cha m'ma 3 koloko, ndikukankha mayi wina kupita naye kojambula mafupa, foni inanjenjemera m'thumba. Sitinkaloledwa kuyankha. Inanjenjemeranso, kachitatu, kachinayi. Nditamufikitsa mayiyo ndinalowa m'chimbudzi n'kuyankha. Anali Dalitso, koma mawu sanali ake.

"Amalume, ndinachotsa magazini. Ndinachotsa, Amalume. Inali m'dzanja langa."

Sindinafunse kuti chachitika n'chiyani.

Zinadziwika pambuyo pake kuti m'sikafu muja munali zipolopolo zina zitatu zimene anandibisira, ati chikumbutso. Limbani atapita kukhitchini kukapanga tiyi, Dalitso anaziika kuti aone ngati zikulowa, anakoka monga anaonera ine, kenako anachotsa magazini. Anaona mkuwa pamwamba pake n'kuyesa zonse zilimo. Limbani analowa ndi makapu awiri, anawaika pansi, anatenga foni nati, "Lozetsa kuno, ioneke bwino."

Kuchoka ku Lewisham kukafika kuchipatala cha kutsidya kwa mtsinje ndinakwera sitima ziwiri ndi basi, ndili m'yunifolomu, anthu akuwerenga nyuzipepala zawo. Ndinafika atamuphimba kale. Wodzamutenga kupita naye kuchipinda chozizira anali munthu wa ntchito yanga yomwe, bambo wina wa ku Nigeria. Ndinamupempha kuti ndigwireko mbali imodzi ya bedi. Anayang'ana baji yanga, anayang'ana dzina la papepala, n'kundisunthira. Ndinamukankha ndekha mwana wanga m'kolido yaitali, ndikusamala pokhota kuti asagunde khoma.

Mphatso, ukafuna kutuluka tuluka, palibe akuletse. Ukhala? Chabwino. Yamikani, mupatse madzi msuweni wako.

Iwe Mphatso unauzidwa kuti bambo ako anafa pangozi. Sanakunamize, koma anakupatsa fupa lopanda mnofu.

Apolisi anafunsa Dalitso kuti mfuti yakale chotere inawala bwanji. Anati anaitsuka yekha poonera pa intaneti. Anamufunsa masiku awiri, sanasinthe. Anabweranso kuno. Wapolisi wamkazi waulemu anakhala pamene wakhala Takondwapo, nandifunsa ngati ndinkadziwa kuti anyamatawa ali ndi chida. Za ntchito yanga yakale sanafunse. Pamapepala ndinali wokankha mabedi. Zipolopolo zisanu zija zinali m'thumba la malaya, m'kabati, mapazi anayi kuchokera pamene anakhala. Ndinati, "Ayi, madamu." M'mawa mwake ndinayenda mpaka kumtsinje, madzi ataphwa, n'kuziponya m'matope pamodzi ndi chitini cha zida zanga.

Limbani tinamuika kuno konkuno, m'dothi lozizira, chifukwa amayi ako anati mwana adzafuna poti azikaona. Kwathu maliro ndi a mudzi wonse. Adzukulu amakumba okha, azimayi amakhala ndi wofedwa mpaka misozi itatha, palibe woyang'ana wotchi. Kuno anatipatsa theka la ola, ena akudikira panja ndi bokosi lawo, ndipo dzenje linakwiriridwa ndi kathirakitala ife tisanafike pageti.

Kukhoti ndinakhala kumbuyo. Dalitso anatembenuka kamodzi kokha, anandipeza ndi maso, napukusa mutu pang'ono, kundiletsa kuulula. Ine ndinamvera mosavuta. Anamupatsa zaka zisanu ndi zitatu. Mlongo wanga anaimba foni kuchokera ku Zomba akulira, kundipepesa kuti mwana wake wandiphera mwana. Ndinalandira chipepesocho, ana inu. Ndinati, "Zachitika, mlongo wanga, tisiyire Mulungu." Anamwalira akudziona ngati mayi wa chigawenga, akuyenda chozolika pamsika, ndipo ine ndinatumiza nkhata ya maluwa.

Iwe unabadwa patatha miyezi itatu, m'chipatala chomwe ndinkagwira ntchito. Amayi ako ndinawakankha ndine kupita nawo kochirira. Atakutulutsa anati agogo aamuna apereke dzina, poti bambo palibe. Anakuika m'manja mwanga. Onse anayesa ndakondwa. Ndinati Mphatso, n'kukubweza msanga. Chiyambire nthawi imeneyo sindinagwirenso sikuludiraiva. Ndi chifukwa chake chitseko cha kabati icho chalendewera moyo wanu wonse, inu n'kumati agogo ndi aulesi.

Dalitso ndinapita kukamuona kamodzi kokha, atatsala pang'ono kumukweza ndege, pakuti atatuluka kundende anamuthamangitsa m'dziko muno. Tinakhala patebulo lokhomerera pansi. Anali ataonda, tsitsi litayamba kuthothoka, munthu wosakwana zaka makumi atatu.

"Bwanji sunanditchule kwa apolisi?" ndinamufunsa.

"Mwana wa Limbani ali bwanji?" anatero iye.

"Akukula. Wayamba sukulu. Ndimakamutenga ndine."

"Basi, ndi chimenecho, Amalume. Bambo ndinamulanda ndine. Ndikanamulandanso agogo?"

Ndinavula jekete yanga n'kumupatsa, ngati kuti kwathu kukuzizira.

Ndiye masiku onse aja, Mphatso, ndikukudikira pageti la sukulu ndi ambulera, kukugulira tchipisi Lachisanu, kukugwirira chishalo pamene unkaphunzira njinga m'mbali mwa mtsinje, inali nthawi imene anandipatsa munthu wina, iye atatsekeredwa. Ndinkadziwa tsiku lililonse. Ndinkadya nawe tchipisicho.

Agogo anu aakazi ndinkayesa sadziwa. Zaka zonsezi tinkagona chipinda chimodzi, kupemphera limodzi, kupita kumanda limodzi ndi maluwa. Chaka chatha matenda atawagoneka, tsiku lina m'mawa ndikuwamwetsa phala, anandigwira pamkono.

"A Mbewe, mafuta a makina anga anathera kuti?"

Supuni inagwera m'mbale.

"Ndinagula botolo Lachinayi," anatero. "Loweruka ndinalipeza theka, tebulo likununkha ngati malaya anu a ku Zomba. Ndakhala ndikudikira kuti munene nokha. Ine nthawi yodikira yandithera. Koma mwana uja asadzamve kwa anthu, ndipo Dalitso asafe atasenza katundu wa anthu awiri."

Sanandikalipire. Anangoti ndipitirize, phala lizizira. Apo m'pamene ndinazindikira kuti makina aja sanasokerenso chiyambire chaka chimenecho, ine osafunsa n'komwe chifukwa chake. Patatha milungu itatu tinawaika pafupi ndi Limbani. Ndipo ngakhale apo ndatenga chaka china chathunthu, chifukwa mantha ndi chinthu chosakalamba.

Chisomo pamodzi ndi amayi ako, Mphatso, ndinawauza Lachitatu. Chisomo analira mpaka kusanza. Amayi ako anangotenga chikwama n'kutuluka, ndipo foni yanga sakuyankha. Ali ndi ufulu. Anangotumiza uthenga umodzi, woti ndikuuze ndekha, pamaso. N'chifukwa chake wabwera wekha lero.

Mawa m'mawa ndikupita ku polisi. Loya wina wa kumpingo wandiuza kuti mwina andisunga, mwina angolemba n'kundibweza, nkhalamba ya shuga ngati ine. Akuti zaka za Dalitso palibe angazibweze. Ndikudziwa. Koma pepala lawo likunena kuti anali yekha, ndipo sanali yekha. Ali ku Ndirande tsopano, amawotcherera mageti, sanakwatire. Ndinamuimbira dzulo kumuuza. Makina akulira kumbuyo kwake, anafunsa ngati uli wamtali ngati bambo ako. Ndinati wawapitirira.

Nambala yake ndailemba kuseri kwa envulopu ili pafirijiyo. Sindikukuuza kuti uimbe, kapena kuti ukhululukire iye kaya ine. Ndakhala ndikukusankhira zoti udziwe kuyambira usanabadwe, apa ndalekera. Mankhwala anga ndalongedza kale m'kachikwama, makiyi ena ali kwa Chisomo, basi yanga ndi ya 8 koloko.

Anyamata inu, tengani majekete, mayi anu akudikira pansi m'galimoto. Takondwa, pukuta kumaso, palibe chamanyazi. Mphatso, envulopu ndi yomweyo watengayo. Usavutike kunditsanzika ngati sukufuna, mwana wanga. Utsike bwino, masitepe anyowa.